Zimene Mapale Anasunga: Mudzi wa Amisiri a Manda a Mafumu ku Egypt Wakale

 M'nkhani yathu ya lero tipita kutali, kumpoto chakum'mawa kwa Africa, ku dziko la Egypt, limene ambiri a ife tinayamba kulimva ndi dzina lakuti Igupto. Tibwereranso m'mbuyo zaka zoposa 3,000.

Munthu akatchula Egypt wakale, chimene chimabwera msanga m'maganizo ndi mapiramidi, golide, ndi mitembo ya mafumu yokulungidwa m'nsalu. Chifukwa cha ichi ena amayesa kuti anthu amenewa anali okonda imfa, osalabadira za moyo uno. Koma tiyeni tidzifunse: kodi manja amene anasema miyala ija anali a yani? Anthuwo akaweruka ankadya chiyani? Akayambana ndi mnansi ankakadandaula kwa yani? Nanga akagona usiku ankaopa chiyani? Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo ambiri mwa mayankhowo anapezeka kudzala, pakati pa mapale amene eni ake anataya.

Tisanalowe m'mudzi umene ndikufuna kukuonetsani, tiyambe taona dziko lenilenilo. Egypt ndi dziko la chipululu, ndipo kumwera kwake, kumene kuli nkhani yathu, chaka chikhoza kutha osagwa ndi dontho lomwe la mvula. Moyo wonse unali m'mbali mwa mtsinje wa Nile, umene kutalika kwake ndi makilomita oposa 6,600. Chaka ndi chaka mvula ikagwa kumapiri a ku Ethiopia, madzi ankatsika ndi matope ambiri, ndipo cha m'mwezi wa July mtsinjewo unkayamba kusefukira n'kumiza minda. Pofika October madzi ankaphwa, kusiya dothi lakuda la chonde, monga umo madimba athu amakhalira madzi akabwerera. Eni ake ankatcha dziko lawo Kemet, ndiye kuti dziko lakuda, pamene chipululu ankachitcha Deshret, dziko lofiira. Munthu ankatha kuima phazi limodzi pa dothi lobereka, linalo pa mchenga wosamera kanthu. Chaka anachigawa m'nyengo zitatu, iliyonse ya miyezi inayi: nyengo ya chigumula, nyengo ya kumera kwa mbewu, ndi nyengo yokolola. Mwezi unali wa masiku 30, ndipo kumapeto kwa chaka ankawonjezera masiku asanu kuti akwane 365. Kusefukira kumeneku kunaleka pamene anamanga damu lalikulu la Aswan, limene ntchito yake inatha m'chaka cha 1970.

Anthu amene chaka chilichonse ankaona munda ukumira n'kutulukanso wobiriwira, ndipo tsiku lililonse ankaona dzuwa likufa kumadzulo n'kubadwanso kum'mawa, sanavutike kukhulupirira kuti nayenso munthu akhoza kufa n'kukhalanso ndi moyo. Kwa iwo kumadzulo kunali kwa akufa, ndipo manda ambiri ankawaika tsidya lakumadzulo la mtsinje. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tiifunanso kutsogoloku.

Dziko la Egypt linakhala pansi pa mfumu imodzi cha m'ma 3100 Khristu asanabadwe. Piramidi yaikulu ya mfumu Khufu, yotalika mamita 146, inamangidwa ku Giza cha m'ma 2560. Koma piramidi inali ndi vuto limodzi: inkauza mbala iliyonse pamene pali chuma. Chotero patapita zaka ngati 1,000, pamene mafumu amphamvu anali ochokera ku mzinda wa Thebes, umene lero ndi Luxor, anasintha nzeru. Anayamba kukumba manda awo m'matanthwe a m'chigwa chobisika kumadzulo kwa mtsinje, chimene lero chimatchedwa Chigwa cha Mafumu. Ntchito yotere inkafuna amisiri aluso, okhala pamodzi, pafupi ndi ntchito ndiponso kutali ndi maso a anthu. Ndiye cha m'ma 1500, m'nthawi ya mfumu Thutmose Woyamba, amene dzina lake linadindidwa pa njerwa za linga la mudziwo, anawamangira malo awoawo m'kachigwa ka m'chipululu. Lero malowo amatchedwa Deir el-Medina. Akuluakulu a boma ankawatcha Set Maat, kutanthauza Malo a Choonadi, koma eni ake ankangoti Mudzi. M'menemo munakhala anthu zaka zoposa 400, mwana kulowa ntchito ya atate wake.

Mwina mufunsa kuti za anthu amenewa tazidziwa bwanji. M'dziko lonselo odziwa kulemba anali ochepa kwambiri, koma m'mudzi uno anali ambiri, chifukwa ntchito yawo inali yojambula ndi kulemba pa makoma a manda. Pepala lawo, lopangidwa ndi gumbwa, ankalisungira zinthu zofunika. Za tsiku ndi tsiku ankangozilemba pa phale kapena pa kachidutswa ka mwala woyera, zinthu zimene zinali mbwee paliponse. Ngongole, kalata yopita kwa mbale, mndandanda wa zovala zopita kochapa, dandaulo, ngakhale zojambula zoseketsa, zonse zinkalembedwa pamenepo, ndipo ntchito yake ikatha ankataya. Pafupi ndi mudziwo panali dzenje lakuya mamita oposa 50, limene akatswiri amati analikumba pofunafuna madzi, ndipo pambuyo pake linasanduka dzala. Katswiri wa ku France, Bernard Bruyère, amene anafukula mudziwo kuyambira 1922 mpaka 1951, anatulutsamo mapale olembedwa zikwizikwi. Mchenga wouma unawasunga osafufutika. Kuwerenga kwake kunatheka chifukwa m'chaka cha 1822 Jean-François Champollion anali atatulukira chinsinsi cha zilembo za ku Egypt, mothandizidwa ndi mwala wopezeka ku Rosetta m'chaka cha 1799, umene unali ndi uthenga umodzi m'zilembo za ku Egypt ndi m'Chigiriki.

Tsono tiyeni tilowe m'mudzi. M'kati mwa linga munali nyumba pafupifupi 70, zogundana khoma ndi khoma, zoyang'anizana pa kanjira kopapatiza kodutsa pakati. Nyumba inali yopyapyala koma yaitali, ya miyala m'munsi ndi zidina pamwamba, zipinda zake zotsatana. Chipinda choyamba chinali ndi kaguwa ka njerwa, kokongoletsedwa ndi zithunzi za milungu yoteteza amayi ndi ana. Chachiwiri, chokhala ndi mzati pakati, ndicho cholandiriramo alendo. Kumbuyo kunali kophikira kopanda denga, kokhala ndi uvuni wa dothi ndi mphero, ndiponso makwerero opita padenga lathyathyathya, pamene anthu ankagona nthawi yotentha. Pa mphuthu za zitseko ankalembapo dzina la mwini nyumba.

Chitsime munalibe. Madzi onse ankabwera pamsana pa abulu kuchokera kumunsi kuchigwa, ndipo boma linali ndi anthu ake otunga madzi, asodzi, otema nkhuni, olima ndiwo zamasamba ndi ochapa zovala, onse otumikira mudziwo. Ndalama zachitsulo kunalibe m'masiku amenewo. Mmisiri ankalandira mbewu mwezi ndi mwezi, poyesa ndi muyeso wotchedwa khar, umene ndi malita pafupifupi 77, ndiye kuti madebe anayi operewera pang'ono. Ankalandira miyeso inayi ya tirigu ndi umodzi ndi theka wa barele. Tirigu anali wa mkate, barele wa mowa. Chimanga sankachidziwa. Mowa wawo unali wokandapala ndi wosaledzeretsa msanga, chakudya ndithu, ndipo ankamwa akulu ndi ana omwe. Ndiwo zinali nsomba, anyezi, adyo, mphodza ndi masamba. Nyama inkaoneka kawirikawiri pa masiku a chikondwerero. Mkatewo unkakhala ndi mchenga wochokera kumphero ndi kumphepo ya m'chipululu, ndipo mitembo yambiri imaonetsa mano operepeseka chifukwa cha chimenechi.

Pogulana zinthu ankasinthana, koma mtengo ankautchula m'muyeso wa mkuwa wotchedwa deben, wolemera magalamu 91. Munthu wogula bedi ankatha kulipira ndi nsalu, mafuta ndi dengu la tirigu, malinga mitengo yake ikaphatikizidwa ikwane. Amisiriwo pa nthawi yawo yopuma ankapala mipando, kujambula mabokosi a maliro ndi kusema ziboliboli zogulitsa, ndipo amayi ankaluka nsalu za bafuta zimene zinkabweretsa chuma m'nyumba.

Nanga ntchito inkayenda bwanji? Gulu la amisiri linagawidwa pawiri monga opalasa ngalawa, mbali ya kumanja ndi mbali ya kumanzere, iliyonse ndi kapitao wake. Panalinso mlembi wosunga kaundula. Nthawi zambiri gululo linali la amuna 40 mpaka 60, ngakhale kuti mfumu Ramesses Wachinayi inaliwonjezera kufika 120. Sabata yawo inali ya masiku khumi: asanu ndi atatu ogwira ntchito, awiri opuma. M'masiku a ntchito ambiri ankagona m'tizisakasa ta miyala pamwamba pa phiri, pakati pa mudzi ndi chigwa, ndipo chakudya ankawatumizira kuchokera kunyumba. Oswa miyala ankatsogola ndi matchizulo a mkuwa, pambuyo pawo opaka pulasitala, kenaka ojambula ndi utoto wofiira, amene zolakwa zawo mkulu wawo ankazikonza ndi utoto wakuda, ndipo potsiriza osema ndi opaka mitundu. Popeza m'kati mwa thanthwe munali mdima, ankagwira ntchito ndi nyale za mafuta, ndipo mlembi ankawerenga nthambo za nyale zotuluka m'nyumba yosungira katundu tsiku lililonse. Tchizulo nayo ankaiyesa kulemera poipereka ndi poibweza, pakuti mkuwa unali wa mtengo wapatali.

Ku British Museum, mumzinda wa London, kuli mwala wina wolembedwa m'chaka cha 40 cha ufumu wa Ramesses Wachiwiri. Pamwalapo pali maina a amisiri 40, masiku amene aliyense anajomba, ndi chifukwa chake cholembedwa ndi utoto wofiira. Wina anadwala maso. Wina analumidwa ndi chinkhanira. Wina ankadwazika amayi ake. Wina ankakonza mtembo wa mbale wake. Wina anatengedwa ndi kapitao kukamugwirira ntchito yapadera. Ndipo angapo anajomba chifukwa ankafulula mowa. Amene mwa inu anakhalapo kapitao kapena kalaliki pa ntchito iliyonse, ndikhulupirira kuti kaundula ameneyu simukumuona wachilendo.

Amuna akakhala kuphiri, mudzi unkatsala m'manja mwa amayi. Mwa malamulo a ku Egypt mkazi ankatha kukhala ndi chuma chakechake, kugula, kugulitsa, kuimba mlandu, ndi kugawa chuma chake monga afunira. Umboni wake ndi mayi wina wa m'mudzimo, dzina lake Naunakhte. M'chaka chachitatu cha ufumu wa Ramesses Wachisanu, mayiyu, atakalamba, anaima pabwalo pamaso pa mboni nafotokoza za chuma chake. Anati analera ana asanu ndi atatu, nawapatsa zonse zoyambira banja, koma pa ukalamba wake ena mwa iwo sanamusamale. Chotero analamula kuti amene anamugwira dzanja ndiwo adzalandire chuma chake, ndipo amene anamutaya asadzalandire. Anawatchula maina mmodzimmodzi. Chikalata chimenechi chikusungidwa ku Oxford. Ife sitikudziwana naye mayiyu, komabe kuwawa kwa mtima wake tikukumva, chifukwa dandaulo la kholo lotayidwa ndi ana silinasinthe.

Mudziwo unali ndi bwalo lake la milandu, lotchedwa kenbet, pamene akapitao, alembi ndi anthu wamba ankakhala pamodzi kuweruza za ngongole, za kuba, ndi za bulu wobwerekedwa amene wafera m'manja mwa wobwereka. Mlandu ukavuta ankapita nawo kwa mulungu. Anthu a m'mudzimo ankalemekeza mfumu yakale Amenhotep Woyamba pamodzi ndi amayi ake, Ahmose-Nefertari, monga eni mudzi. Pa masiku ena amisiri omwewo, atadziyeretsa, ankanyamula chiboliboli cha mfumuyo pamapewa, ndipo wodandaula ankafunsa funso lake. Chiboliboli chikasendera kutsogolo, ndiye kuti chavomera. Chikabwerera m'mbuyo, chakana.

Tisayese kuti onse a ku Malo a Choonadi anali olungama. Cha m'ma 1200 kunali kapitao wina dzina lake Paneb. Chikalata chomuneneza, chimene chilinso ku London, chimati anapeza ukapitao popereka chiphuphu cha antchito asanu kwa nduna yaikulu, anaba miyala ya pa manda a mfumu Seti Wachiwiri kukamangira manda ake, ankagenda anzake, ndiponso ankayenda ndi akazi a eni. Koma tikumbuke kuti wolemba zimenezi anali munthu amene ankaufuna ukapitao womwewo. Mlandu womva mbali imodzi, ngakhale utatha zaka 3,000, ukhalabe wa mbali imodzi.

Tsono tafika pa mawu amene ali pakati pa chikhulupiriro chawo chonse, mawu akuti Maat. Tanthauzo lake ndi choonadi, chilungamo ndi dongosolo, zonse pamodzi. Dzuwa kutuluka pa nthawi yake, mtsinje kusefukira pa muyeso wake, wogulitsa kuyesa mbewu mosanyenga, woweruza kusakondera, zonsezi zinali Maat. Ankamujambula ngati mkazi wokhala ndi nthenga pamutu. Ntchito yaikulu ya Farao inali kusunga Maat m'dziko: kupereka nsembe kwa milungu, kuteteza malire, ndi kudyetsa anthu ake. Amisiriwo nawo ankadziwa kuti ntchito yawo ndi mbali ya dongosolo lomwelo. Pa makoma a manda ankajambula ulendo wa mulungu wa dzuwa, Ra, m'maola khumi ndi awiri a usiku, akulimbana ndi chinjoka cha mdima, Apophis, kuti mfumu yakufa iyende naye ndi kutuluka naye m'mawa.

Nanga zikanatani Farao atalephera mbali yake? Zimenezi zinachitika m'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses Wachitatu, zaka pafupifupi 1,150 Khristu asanabadwe. Dziko linali litatopa ndi nkhondo, ndipo malipiro a amisiri anayamba kuchedwa. Tsiku lina, atadikira masiku 18, anaika zida pansi, nadutsa malo a alonda, nakakhala pansi kuseri kwa kachisi wa mfumu Thutmose Wachitatu. Akuluakulu anawanyengerera kuti abwerere, koma anakana. M'masiku otsatira anapita ku kachisi wa Ramesses Wachiwiri, kumene kunali nkhokwe zazikulu. Anafotokoza kuti chawatulutsa ndi njala ndi ludzu, kuti analibe zovala, mafuta, nsomba ngakhale masamba, ndipo anapempha kuti uthenga ukafike kwa Farao ndi kwa nduna yaikulu. Anapatsidwa mbewu za mwezi wapitawo, koma vutolo linabweranso, ndipo iwo anatulukanso kangapo m'miyezi yotsatira. Mlembi Amennakht analemba zonsezi pa gumbwa amene lero ali ku Turin, m'dziko la Italy. Kumeneku ndiko kunyanyala ntchito koyamba kumene kunalembedwa mwatsatanetsatane m'mbiri ya anthu. Onani kuti amisiriwa sanafune kugwetsa mfumu. Anangoikumbutsa kuti Maat amamanga wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Milungu yaikulu ngati Amun inali ndi akachisi aakulu tsidya la mtsinje, m'mene munthu wamba sankaloledwa kulowa m'kati. Koma panyumba anthu anali ndi milungu yapafupi. Bes, wamfupi, wa nkhope yoopsa ndi lilime lotuluka, ankaingitsa zoipa pa mwana ndi pa mayi wogona. Taweret, wooneka ngati mvuu yapakati, ankathandiza pobereka. Pamwamba pa mudzi panali phiri losongoka ngati piramidi, ndipo ankati m'menemo mumakhala Meretseger, mulungu wamkazi wooneka ngati njoka, amene dzina lake litanthauza wokonda chete. Iye ankalanga olumbira monama ndi akuba, komanso ankakhululukira olapa. Wojambula wina, Neferabu, anaimika mwala wovomereza kuti analumbira monama m'dzina la mulungu Ptah, ndipo mulunguyo anamuchititsa kuona mdima usana. Pamwalapo anachenjeza anzake kuti asachite monga iye anachitira. Munthu akadwala ankafuna zonse ziwiri, mankhwala ndi mapemphero; mudziwo unali ndi sing'anga wake, ndiponso katswiri wochiza olumidwa ndi zinkhanira.

Akufa nawo sanali kutali. Manda a amisiri anali paphiri loyang'anizana ndi nyumba zawo, mtunda wongoyenda mphindi zochepa. M'nyumba ankasunga tiziboliboli ta makolo ndi kutiikira chakudya. Pa chikondwerero cha chaka ndi chaka chotchedwa Chikondwerero Chokoma cha Chigwa, mabanja a ku Thebes ankapita kumanda ndi maluwa, chakudya ndi zakumwa, kukadya pamodzi ndi abale awo akufa. Ena ankawalembera ngakhale makalata. Mlembi Butehamun analembera mkazi wake womwalira, Ikhtay, kumufunsa za moyo wake kumeneko ndi kumupempha kuti amulankhulire kwa eni dziko la akufa.

Kuti timvetse zimenezi tiyenera kudziwa umo ankamuonera munthu. Kwa iwo munthu anali ndi zigawo zingapo: thupi, mtima, chithunzithunzi, dzina, ka ndi ba. Ka inali mphamvu ya moyo, imene inkafunabe chakudya munthu atafa, ndipo ndiyo inkalandira nsembe. Ba ankaijambula ngati mbalame ya mutu wa munthu, yotuluka m'manda usana ndi kubwerera ku thupi usiku. Thupi likawola, ba ikanasowa kobwerera. Ndicho chifukwa chake ankaumitsa mitembo. Kwa opeza bwino ntchitoyi inkatenga masiku 70. Ankachotsa ubongo, ndipo chiwindi, mapapo, chifu ndi matumbo ankazisunga m'mitsuko inayi. Thupi ankalikwirira mumchere wotchedwa natron masiku ngati 40, kenaka n'kulidzoza mafuta ndi kulikulunga m'nsalu, ndi zithumwa pakati pake. Mtima ankausiya m'malo mwake, chifukwa ankakhulupirira kuti maganizo ndi chikumbumtima zimakhala m'menemo.

Mtimawo unali ndi ntchito kutsogolo. Wakufa ankayenera kuonekera pabwalo la Osiris, mfumu ya akufa, amene iye mwini anaphedwa ndi mbale wake Seth naukitsidwa ndi mkazi wake Isis. Pamaso pa oweruza 42 wakufayo ankakana machimo mmodzimmodzi: kuti sanaphe, sanabe, sananame, sananyenge pa muyeso, sanatseke madzi a mnzake pa nthawi yothirira. Pamenepo mulungu Anubis ankaika mtima wake pa sikelo, mbali inayo nthenga ya Maat, ndipo Thoth, mlembi wa milungu, ankalemba zotsatira. Mtima ukalemera ndi zoipa, pafupi pomwepo panali chilombo chotchedwa Ammit, cha mutu wa ng'ona, chifuwa cha mkango ndi kumbuyo kwa mvuu, chodikira kuumeza. Ameneyo anali mathero enieni, imfa yachiwiri, imene ankaiopa koposa yoyamba.

Nanga wopambana pabwalopo ankapita kuti? Yankho lili pa khoma la manda a mmisiri Sennedjem, amene anapezeka m'chaka cha 1886 asanabedwe. Pamenepo tikumuona iye ndi mkazi wake Iyneferti atavala bafuta woyera, akulima ndi ng'ombe, akufesa, akumweta tirigu wamtali, m'munda wozunguliridwa ndi madzi ndi mitengo ya zipatso. Malowo ankawatcha Munda wa Bango. Kunena mwachidule, paradizo wawo anali Egypt yemweyo, wopanda njala ndi matenda. Ndipo popeza kulima n'kotopetsa ngakhale kumeneko, ankaika m'manda tiziboliboli totchedwa shabti, toti tiziyankha m'malo mwa mwini wake akaitanidwa ku ntchito. M'chaka cha 1906 katswiri wa ku Italy, Ernesto Schiaparelli, anatsekula manda a kapitao Kha ndi mkazi wake Merit, napezamo mabedi, mipando, zovala zopindidwa bwino, tsitsi lovala la mayiyo, mikate, ndi thabwa la masewera otchedwa senet. Anthu okonda imfa sakanalongedza chotere. Awa ndi anthu amene anaukonda moyo kwambiri mwakuti anafuna kupita nawo.

Koma pa zigawo zonse za munthu panali chimodzi chimene sichikanasungidwa ndi mchere kapena nsalu, ndicho dzina. Ankakhulupirira kuti munthu amakhalabe ndi moyo malinga dzina lake likutchulidwa, ndipo pa manda ankapempha odutsa kuti alitchule. Chilango choopsa chinali kufafaniza dzina la munthu pamwala. Zinamuchitikira Hatshepsut, mkazi amene analamulira ngati Farao, ndipo Tutankhamun naye anasiyidwa pa mndandanda wa mafumu.

Mathero a mudziwo anali achisoni. Malipiro anapitirira kuvuta, mtengo wa mbewu unakwera, ndipo magulu a anthu ochokera ku Libya ankasokoneza mtendere tsidya lakumadzulo. M'nthawi ya Ramesses Wachisanu ndi Chinayi, cha m'ma 1110, kunali milandu yaikulu ya kuba m'manda, ndipo ena mwa ogwidwa anali amuna a m'mudzi womwewo, zidzukulu za amene anakumba mandawo. M'nthawi ya Ramesses Wachikhumi ndi Chimodzi anthu anasamukira m'kati mwa linga la kachisi wa Medinet Habu, ndipo mudzi unasanduka bwinja. Mafumu analeka kuikidwa m'chigwa chija. Mitembo yawo inachotsedwa m'manda, inavulidwa golide, inakulungidwanso, n'kubisidwa pamodzi; Butehamun uja anali mmodzi wa ogwira ntchitoyo. Yambiri inapezeka m'phanga lina ku Deir el-Bahari m'chaka cha 1881. Manda a Tutankhamun, amene Howard Carter anawapeza m'chaka cha 1922, ndiwo manda okha a mfumu m'chigwacho amene anatsala ndi chuma chawo pafupifupi chonse.

Omvera athu, taonani umo zinthu zinatembenukira. Mafumu anasonkhanitsa golide kuti asaiwalike, ndipo golide yemweyo ndiye anaitana mbala. Amisiri analemba za ngongole zawo, matenda awo ndi mikangano yawo pa mapale opanda mtengo, ndipo popeza panalibe wowasirira, mapalewo anagona mumchenga mpaka lero. Chifukwa cha iwo tikudziwa amene anakwatira yani, amene anabwereka bulu wa yani, ndi amene anatsala kunyumba kudwazika amayi ake. Za mafumu ambiri tikudziwa zimene iwo anafuna kuti tidziwe. Za anthu awa tikudziwa umo analili.

Ndipo ngati chikhulupiriro chawo chinali chakuti munthu amakhala ndi moyo dzina lake likamatchulidwa, ndiye kuti madzulo ano tawachitira chimene ankapempha. Tatchula Naunakhte, Amennakht, Neferabu, Sennedjem ndi Iyneferti, Kha ndi Merit, Butehamun ndi Ikhtay, ngakhale Paneb yemwe, m'chinenero chimene iwo sanachimvepo, kwa anthu amene sanawaganizirepo. Mwina usiku uno, wailesi ikatsekedwa, wina mwa ana amene ali pamotopo afunsa dzina la agogo a agogo ake. Ngati alipo wolidziwa, amuuze.